Tonse tinakhala patebulo

Ndili ndi zaka 14, aphunzitsi athu a Chingerezi anatiuza kuti tilembe chimangirizo chofotokoza tsiku lomwe sitidzaliiwala. Ndinachita khama, ndinadzaza masamba awiri ndi theka, ndipo penapake chapakati ndinalemba kuti *We all sat on the table*. Kope litabwerako, pamalopo panalibe mzere wofiira ngati mwa masiku onse. Aphunzitsi anali atajambula m'mphepete mwa tsamba tebulo la miyendo inayi, pamwamba pake patakhala tianthu tisanu ta mitu yonga ya machesi, miyendo ili lendee. Kamodzi anakaveka chipewa. Pansi pa chithunzicho panali zilembo ziwiri zokha: *at*.

Sindinagonje msanga. Nthawi yopuma itakwana ndinawatsatira, kope lili m'manja.

"Koma aphunzitsi, patebulo si *on the table*?"

"Ndi *on the table* ndithu," anatero osadzutsa n'komwe mutu, "ngati iweyo uli kapu."

Anzanga anandiseka mlungu wathunthu, koma chinandiwawa si kusekedwako. Chinandiwawa n'chakuti ndinali nditatsata lamulo lomwe tonse tinkaloweza ngati nyimbo: pa- ndi *on*, mu- ndi *in*, ku- ndi *to*. Lamulolo linandiponya m'dzenje masana dzuwa likuswa mtengo.

Papita zaka zambiri, ndipo ntchito yanga yakhala yowerenga Chingerezi cha anthu ena: makalata, malipoti, zofunsira ntchito. Chomwe ndaona n'chakuti mawu akuluakulu savuta. Munthu amalemba *notwithstanding* osaphonya chilembo ngakhale chimodzi, n'kukapunthwa pa *in*. Timawu timeneti pa galamala timati aperekezi, ndipo dzinali ndimalikonda kuposa la eni ake, *preposition*, lomwe linachokera ku Chilatini ndipo limangotanthauza chinthu choikidwa patsogolo pa chinzake. Mperekezi ndi munthu wodziwa njira, wokakufikitsa komwe ukupita. Ukasankha wolakwika, amakakusiya pamwamba pa tebulo alendo akuyang'ana.

Tisanaimbe mlandu Chingerezi, tiyambe tadziyang'ana tokha, chifukwa vuto limayambira pa chuma chomwe tili nacho. Pa-, ku- ndi mu- si aperekezi wamba. Akatswiri a zilankhulo amaziwerengera m'magulu a mayina, gulu 16, 17 ndi 18, ndipo zimalamulira chiganizo chonse monga momwe dzina lililonse limachitira. Timati panja pakuzizira, kunja kwada, m'nyumba mukutentha. Malowo ndiwo mwininkhani. Timati pali, kuli, muli. Pano, kuno, muno. Ndilipo, ndiliko, ndilimo. Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva analemba kafukufuku wodziwika bwino mu 1989 wokhudza momwe Chichewa chimaikira malo patsogolo n'kuwasandutsa mutu wa chiganizo, monga tikamati kumudzi kunabwera alendo. Chingerezi chilibe zimenezi. Pali, kuli ndi muli chimangoziphatikiza pamodzi n'kunena *there is*. Choncho pankhani ya malo sitili osauka ayi. Tinagawa dziko patatu kalekale, ndipo Chingerezi nachonso chinagawa patatu, *at*, *on*, *in*. Msampha uli pamenepo. Poti uku zitatu, ukonso zitatu, mutu umangoganiza kuti zigwirizana ngati mabatani ndi mabowo ake. Koma mpeni wawo sunadule pomwe unadula wathu.

Tengani ku-. Iyeyu amasamala za mtunda: malo omwe ali uko, osati pano pomwe ndili. Sasamala ngati ukupita, ukuchokera kapena wangokhala. Ndikupita kuofesi, ndikuchokera kuofesi, ndili kuofesi: ku- yemweyo, ntchito yonse yosonyeza kolowera yasenzedwa ndi mneni. Chingerezi chimafuna aperekezi atatu osiyana: *to the office*, *from the office*, *at the office*. Ndipo ku- wathu sathera pamenepo. Chipsera chili kumaso, mwana ali kumsana, mbalame zili kumwamba. Pa Chingerezi ziwiri zoyambazo ndi *on his face* ndi *on her back*, chachitatu ndi *in the sky*. Ndiye wina akakuuzani kuti ku- ndi *to*, wakuuzani gawo laling'ono chabe la nkhani.

Yemwe amativuta kwambiri ndi *at*, chifukwa alibe mnzake weniweni kwathu. Ine ndinamumvetsa tsiku lomwe ndinasiya kumufunira tanthauzo n'kuyamba kumuona ngati kadontho pamapu. *At* safuna kudziwa kukula kwa malo, kaya mkati mwake muli chiyani. Amangoloza ndi chala: apa. *At the door*, *at the bus stop*, *at the traffic lights*, *at the top of the page*. Ukaima pakhomo sunalowe, sunakwere chitseko, uli pamalo pomwe pali khomo basi. N'chifukwa chake nambala ya nyumba imayenda ndi *at*: nduna yaikulu ya dziko la Britain imakhala *at 10 Downing Street*, koma *in London*. Nyumba ya nambala ndi kadontho, mzinda ndi dera lokuzungulira mbali zonse.

Chosangalatsa n'chakuti mzinda womwewo ukhoza kusanduka kadontho ukauonera patali. Munthu wokhala ku Johannesburg ali *in Johannesburg*, koma ndege yongoimako pa ulendo wautali ikhoza kunenedwa kuti *stops at Johannesburg*, chifukwa pa ulendowo mzinda wonse uja wangokhala malo oimapo pamzere. Malowo sanasinthe. Chasintha ndi pomwe waima wolankhulayo. Apa m'pomwe ndinazindikira kuti aperekeziwa sanena momwe malo alili, amanena momwe ukuwaonera.

Ndipo *at* ali ndi ntchito ina yomwe inandigwetsa ndili mwana ija: amanena za chomwe ukuchita pamalopo. *At the table* ndi munthu yemwe wakhala pampando moyang'ana tebulo kuti aligwiritse ntchito. *At my desk* ndiye kuti ndili pantchito. *At the piano* ndiye kuti akuimba kapena akufuna kuyamba. *She is at Oxford* kawirikawiri amatanthauza kuti akuphunzira pa yunivesite ya kumeneko, pomwe *she is in Oxford* akungonena kuti ali mumzindamo, mwina wapita kukaona m'bale wake. *At sea* ndi munthu yemwe ali pa ulendo wa panyanja. *In the sea* ndi munthu yemwe wanyowa. *At the cinema* wapita kukaonera kanema. *In the cinema* akutsindika kuti ali mkati mwa nyumbayo, mwina mukumufunafuna panja. Zonse ziwiri n'zolondola, koma sizinena chinthu chimodzi, ndipo mabuku ambiri ophunzitsira amalakwitsa pomwe amapereka mpata umodzi woti udzazemo yankho limodzi ngati kuti linalo ndi tchimo.

*In* amaoneka wosavuta chifukwa amafanana kwambiri ndi mu- wathu, ndipo nthawi zambiri amagwirizanadi: *in the box*, *in the room*, *in my pocket*. Koma taimani kaye muyang'ane mswachi womwe uli m'kapu. Gawo lalikulu la mswachiwo lili kunja, mutu wake uli m'mwamba, komabe timati uli m'kapu, nawonso amati *in the cup*. Tsopano tengani kapu yomweyo muivundikire pa ndalama yachitsulo patebulo. Ndalamayo yazunguliridwa mbali zonse, kuposa mswachi uja, koma palibe anganene kuti ili *in the cup*. Ili *under the cup*. Kusiyana kwake n'kwakuti mukanyamula kapu, mswachi umapita nawo, ndalama imatsala. *In* sayeza ndi rula kuti chalowa mpaka pati. Amafunsa kuti chikusunga chinzake n'chiti.

Katswiri wina wa zilankhulo, Claude Vandeloise, anapereka chitsanzo chomwe sichichoka m'mutu mwanga. Jambulani chinthu chozungulira chokhala ndi khosi lopyapyala, khosilo litalowa m'kachipewa kakang'ono. Mukati ndi babu lamagetsi, aliyense avomera kuti *the bulb is in the socket*. Mukati ndi botolo ndi chitsekero chake, palibe anganene kuti *the bottle is in the cap*. Chithunzi n'chimodzimodzi, kalowedwe n'kofanana. Koma soketi ndiyo ikugwira babu kuti lisagwe, pomwe chitsekero sichigwira botolo. Botolo ndilo lanyamula chitsekero. N'chifukwa chake amati *the cap is on the bottle*.

Ameneyo ndiye *on*: kukhudzana, ndiponso kunyamulidwa. Sikuti chinthucho chiyenera kukhala pamwamba ayi. Chithunzi chopachikidwa chili *on the wall*, mphete ili *on her finger*, chizindikiro chomatidwa chili *on the door*. Kuchokera pamenepo amatambasukira ku chilichonse chooneka ngati mzere: *on the road*, *on the coast*, *on the border*. London ili *on the Thames*, osati chifukwa ikuyandama, koma chifukwa mtsinjewo pamapu ndi mzere ndipo mzinda wakhudza mzerewo. Mayina ena a mizinda anasunga zimenezi mpaka lero, monga Newcastle upon Tyne ndi Stratford-upon-Avon. Mperekeziyu ndi wakalekale, ndipo anabisala m'mawu ena omwe sitiwaganizira n'komwe: ka *a* koyambirira mu *ashore*, *asleep* ndi *alive* ndi *on* yemwe anafupika pakamwa pa anthu m'kupita kwa zaka.

Chinanditonthoza mtima, nditakula kale, ndi kudziwa kuti si ife tokha ovutika, ndiponso kuti kagawidwe ka Chingerezi si ka chilengedwe. Olankhula Chisipanishi ali ndi *en* mmodzi yemwe amagwira ntchito ya *in* ndi *on* yemwe, ndiye tangoganizani thukuta lawo. Chidatchi chimagawa *on* wa Chingerezi patatu: kapu patebulo ndi *op*, chithunzi pakhoma ndi *aan*, mphete kuchala ndi *om*. Chikoreya chinadula kwina kotheratu. Soonja Choi ndi Melissa Bowerman anaonetsa mu 1991 kuti mneni wachikoreya *kkita* amagwiritsidwa ntchito pa zinthu zolowana mothina, kaya ndi mphete kuchala, kaya chitsekero pacholembera, kaya kaseti m'kabokosi kake, osasamala kuti Chingerezi chikanati *on* kapena *in*. Anapezanso kuti ana amayamba kugawa malo motsata chilankhulo chawo asanakwanitse n'komwe zaka ziwiri. Ndiye pa-, ku- ndi mu- zinakhazikika m'mutu mwathu tisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. N'zosadabwitsa kuti zimatulukira m'Chingerezi chathu ngakhale tili ndi madigiri.

Ndipo zimatulukira malo odziwika. Wamkulu wa onse ndi pa-, chifukwa nthawi zambiri amagwirizana ndi *on* mpaka timayamba kumukhulupirira. Pawailesi, *on the radio*. Pa intaneti, *on the internet*. Pa Facebook, *on Facebook*. Patsamba 12, *on page 12*. Panjinga, *on a bicycle*. Ukamayenda chonchi umadziona ngati wafika. Kenako umalemba kuti *the man on the picture*, chifukwa kwathu munthu amakhala pachithunzi. Kwa iwo chithunzi chili ndi malire anayi ndipo munthu ali mkati mwake: *in the picture*, *in the photo*. Chomwe chili *on the picture* ndi fumbi, kapena chidindo cha chala cha yemwe anachigwira. Chimodzimodzi pagalasi: nkhope yako ili *in the mirror*, mng'alu ndiwo uli *on the mirror*. Kuima padzuwa ndi *in the sun*, kuima pamvula ndi *in the rain*, chifukwa kuwala ndi madziwo zakukuta mbali zonse. Kuima pamzere ku Britain ndi *in a queue*, ku America ndi *in line*, ngakhale anthu a ku New York amadziwika ndi kunena kuti *on line*, zomwe zimandipatsa kachimwemwe kachinsinsi: mzinda wonse uja ukuganiza ngati ife.

Pabedi pali nkhani yakeyake. *On the bed* wagona pamwamba pa zofunda, mwina ndi nsapato zomwe, kapena ndi malaya omwe waponyapo. *In bed* walowa m'zofunda, ndipo onani kuti *the* wasowa. Pampando napo: mpando wopanda manja ndi *on a chair*, *on a stool*, *on a bench*, koma mpando wa manja womwe umakumeza ndi *in an armchair*. Sofa, ngakhale ndi yofewa bwanji, ndi *on the sofa*. Pakona pali atatu onse: *in the corner* ndi mkati mwa chipinda pomwe makoma awiri akumana, *on the corner* kapena *at the corner* ndi panja pomwe misewu yakumana. Mukauza munthu kuti sitolo ili *in the corner of the street*, akumvani, koma khutu lake ligwedezeka pang'ono.

Funso lomwe aliyense amafunsa, ndipo mwana wa mchemwali wanga anandifunsa mokwiya ngati kuti ndine ndinapanga Chingerezi, ndi la basi. Bwanji *in the car* koma *on the bus*? Kodi okwera basi amakhala padenga? Yankho lomwe limathandiza ndi ili: chokwera chomwe umalowa choimirira n'kuyendamo kufunafuna mpando chimatengedwa ngati bwalo lomwe waponda, monga sitima yapamadzi yomwe amati uli *on board*. Choncho *on the bus*, *on the train*, *on the plane*, *on the ship*. Chomwe umalowa chowerama n'kukhala pomwepo chimatengedwa ngati bokosi: *in the car*, *in a taxi*, *in a canoe*, *in a helicopter*. Chomwe umakwera motang'adza ndi *on*: njinga, njinga yamoto, hatchi. Lamuloli limagwira nthawi zambiri, koma sindinganame kuti *in the bus* ndi mlandu. Basi ikaima, yazima, wina n'kuiwalamo chikwama, *it's in the bus* imamveka bwino, chifukwa tsopano basiyo si ulendo, ndi bokosi lalikulu chabe. Kachiwirinso, chasintha ndi kaonedwe.

Pena eni chilankhulo nawonso sagwirizana, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi kuti musamadzipweteke mutu pachabe. Wodwala wogonekedwa ku Britain ali *in hospital*, ku America ali *in the hospital*. Wa ku Britain akhoza kunena kuti amakhala *in* msewu wakutiwakuti, wa ku America amati *on*. Aliyense amati *on the first floor*, koma ku Britain nyumba yosanja imayamba ndi *ground floor* ndipo *first floor* ndi yomwe wakwera kamodzi, pomwe ku America *first floor* ndi yapansi penipeni. Pamenepa mperekezi ndi wolondola, koma ukhoza kukagogoda chitseko cha eni ake.

Kusochera kwenikweni kunandichitikira ndi *in front of*. Tinkayembekeza mlendo kuntchito, munthu wolankhula Chingerezi chobadwa nacho, ndipo ndinamulembera uthenga kuti *our office is in front of the bank*. M'mutu mwanga zinali zomveka: ukaima pakhomo la banki n'kuyang'ana kutsogolo, ukuona ofesi yathu tsidya lina la msewu. Iye anafika pabankipo n'kuyamba kufunafuna mbali yomweyo ya msewu, pakati pa khomo la banki ndi msewu, pomwe panali malo oimika magalimoto ndi kanyumba ka mlonda. Ine ndinali pawindo, ndikumuona munthu wa jekete yotuwa akuzungulirazungulira, akuyang'ana foni, akuyang'ana kanyumba ka mlonda, akuyang'ananso foni, koma sindinadziwe kuti ndi iyeyo. Patapita mphindi pafupifupi 20 anaimba.

"*Do you mean opposite?*"

Ndinatanthauza zimenezo. *In front of* ndi patsogolo pa chinthu, mbali yomweyo, popanda chodutsa pakati. *Opposite*, kapena *across from* ku America, ndi moyang'anizana, pakati pali msewu, tebulo kapena mtsinje. M'kalasi, yemwe wakhala *in front of me* ndikuona nkhongo yake. Yemwe wakhala *opposite me* ndikuona maso ake. Ndipo ka *the* kamodzi kamasintha zinthu koopsa: *in the front of the bus* wakhala mipando yakutsogolo, *in front of the bus* waima pamsewu basi ikubwera.

Pamwamba ndi pansi ndi mawu ena awiri omwe kwathu amanyamula katundu wambiri. Pansi pa tebulo, pansi pa mndandanda, khala pansi: pansi yemweyo. Chingerezi chili ndi *under*, *below*, *beneath*, *underneath*, ndipo kumwambako *on*, *over*, *above*, *on top of*. Njira yachidule ndi iyi: *over* ndi *under* amakonda zinthu zomwe zalunjikana, china chikuphimba chinzake, pomwe *above* ndi *below* amangoyeza msinkhu. Channel Tunnel, ngalande ya sitima yolumikiza England ndi France yomwe inatsegulidwa mu 1994, imadutsa *under the sea*, chifukwa madzi ali pamwamba pake penipeni. Gombe la nyanja yotchedwa Dead Sea lili mamita opitirira 400 *below sea level*, koma munthu woima pamenepo ndi wouma, nyanja yaikulu yomwe tikuyezerapo ili kutali, tangoyerekeza misinkhu. Bulangete umaliyala *over* mwana. Ukati *above* ndiye kuti likuuluka m'malere. Kuzizira kukafika poipa amati *below zero*. *Beneath* ndi wa m'mabuku, sungamumve kawirikawiri pocheza.

Za *between* ndi *among* tinaphunzitsidwa kuti woyamba ndi wa zinthu ziwiri, wachiwiri wa zambiri. Mbiri ya mawuwo imavomereza pang'ono: *between* ndi wachibale wa *two*, ndipo *among* anachokera ku mawu a Chingerezi chakale otanthauza m'chikhamu. Koma lamulo la ziwirilo eni ake salitsata, ndipo sanalitsatepo. Switzerland ili *between France, Germany, Austria, Liechtenstein and Italy*, mayiko asanu, chifukwa lililonse likuoneka palokha ndipo lili ndi dzina. *Among* ndi wa gulu losawerengeka, lomwe walowamo n'kusakanikira: *among the trees*, *among the crowd*. Kwathu zonsezi ndi pakati, kuphatikizapo *in the middle of*. *Beside* ndi pambali pa. Mukamuwonjezera *s* n'kukhala *besides*, wasiya za malo, akutanthauza kuwonjezera apo.

Pali ena omwe sindikhalitsapo, ongofunika kuloweza. Kufika ndi *arrive at* pamalo aang'ono, *arrive in* mumzinda kapena m'dziko. *Arrive to* ndi ku- wathu uja atavala suti. *Reach* ndi *enter* safuna mperekezi: *we reached London*, *she entered the room*. *Home* ukamapitako amayenda yekha, *go home*, koma ukakhalako ndi *at home*. *Near* safuna *with*, ngakhale kwathu timati pafupi ndi.

Anthu amandifunsa kuti nanga achite bwanji, poti malamulo ali ndi mabowo chonchi. Chomwe chinandithandiza ine ndi kusiya kuphunzira mperekezi payekha. Ndinagula kakope kakang'ono, ndipo ndikamawerenga ndikapeza malo omwe ine ndikanaika mperekezi wina, ndinkalemba kagulu konse ka mawu: *in the photo*, *on the left*, *at the back of the room*, *on the back of the envelope*, *in the back of the car*. Atatu omalizawo ndinawalemba tsiku limodzi, ndipo ndinawayang'ana nthawi yaitali, chifukwa *back* ndi mmodzi koma waonedwa katatu: kadontho, poyala, bokosi. Sindinkalemba zomwe ndikudziwa kale, ndinkalemba zondidabwitsa zokha. Ndikakayikira polemba, ndimatseka maso n'kujambula chiganizocho monga anachitira aphunzitsi aja, ndendende momwe mawu akunenera. Ngati pachithunzipo patuluka anthu okhala pamwamba pa mipando ya eni, kapena munthu woima kutsogolo kwa basi yothamanga, ndimadziwa kuti mperekezi wandisocheretsa. Zoyeserera zodzaza mipata m'mabuku sindizida, koma zimakuphunzitsa kukhoza mayeso. Kujambula kumakuphunzitsa kumva kuseketsa kwa cholakwa, ndipo chomwe chakuseketsa suchibwerezanso.

Ndiyeneranso kunena, poti ena amachita mantha mpaka kuleka kulankhula, kuti zolakwa zambiri za aperekezi sizipha munthu. Ukati *on the picture* akumva. Zomwe zimafunika kusamala ndi zija zosintha tanthauzo: *opposite* ndi *in front of*, *in the front of* ndi *in front of*, *at* ndi *on* patebulo. Zinazo zimangoonetsa kuti Chingerezi unachiphunzira, sunachiyamwe, ndipo pamenepo ine sindionapo chamanyazi. Koma m'kalata yofunsira ntchito, pomwe wowerenga ali ndi makalata ambirimbiri ndipo akufuna chifukwa chochepetsera mulu, timawu timeneti timalemera kuposa msinkhu wake.

Mwana wa mchemwali wanga uja anabweranso sabata yatha ndi ntchito ya kusukulu. Anali ndi ziganizo khumi zodzaza mipata, ndipo zisanu ndi zinayi anakhoza yekha. Chotsalacho chinali *The fly is ___ the ceiling*. Iye analemba *under*.

"Amalume, musandiuze kuti ndalakwa. Ntchentche ikatera kudenga imakhala kunsi. Ili chadodolido. Denga lili pamwamba pake."

"Nanga ikugwira chiyani kuti isagwe?"

"Dengalo."

"Yalikhudza?"

Anakhala chete, akutafuna cholembera. Kenako anayang'ana m'mwamba, ndipo mwamwayi panalidi ntchentche pafupi ndi babu, itaima duu. Anaiyang'anitsitsa ngati akufuna kuigwira bodza.

"Ndiye kuti ili *on* ngakhale ili pansi pake?"

"Ili *on*."

"Koma ife timati kudenga. Si padenga. Padenga ndi kunja, pamalata."

"Eya. Kunjako iwo amati *on the roof*."

"Konsekonse *on*?"

"Konsekonse."

Anafufuta *under* mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, n'kulemba *on* wamkulu kuposa mawu ena onse pamzerewo. Akutseka kope, ntchentche ija inanyamuka n'kuyamba kuzungulira babu.

"Nanga pano ili pati?" anafunsa, chala chili m'mwamba kuitsatira.

"*In the air*."

"Mumpweya," anatero, akulongedza chikwama. "Imeneyo yokha ndiye agwirizana nafe."